Timavu ta Eveles

Fungo ndilo linamuuza, asanafike n'komwe kumunda.

Unali mwezi wa Seputembala, chaka cha 1987. Eveles anali atatsika basi pa Salima kuchokera ku Lilongwe, n'kuuyamba wapansi kupita kwawo kwa Maganga, chikwama chili pamutu. Asanalowe m'mudzi anakhotera kumunda wake wa chinangwa. Atatsala pang'ono kufika, mphepo inamubweretsera fungo limene ankalidziwa kuyambira ali wamng'ono, fungo la mankhwala a thonje.

Anaponya chikwama pansi n'kuthamanga. Masamba a chinangwa anali ndi timadontho ta mankhwala touma. Pansi panali mapazi a gambuti, mzere ndi mzere, osadumpha ngakhale phata limodzi. Amene anapopera munda umenewu anagwira ntchitoyo mosamala, ndi mtima wake wonse.

Eveles anakhala pansi n'kuyamba kulira ngati kwagwa maliro. M'munda umenewu munali digiri yake yachiwiri, ndipo munthu wina anali ataipha ndi chifundo.

Mwina mukudabwa kuti munthu angalire bwanji chifukwa choti wina wamupoperera munda kwaulere. Dekhani, ndikufotokozerani. Nkhaniyi ndikulembera makamaka inu achinyamata amene mukalephera kamodzi kokha mumafuna mudzi wonse udziwe kuti munalodzedwa.

Ine ndinali mphunzitsi pa sukulu ya pulaimale ya kumeneko, ndipo Eveles ndinamuphunzitsa Sitandade 8 katatu. Inde, katatu. Musaseke, ena a inu simukanabwerako n'kachiwiri komwe.

Anali mwana wamasiye. Bambo ake anapita kumigodi ya ku Joni iye ali kumsana, ndipo sanamvekenso. Mayi ake anamwalira iye ali Sitandade 2. Amene anamutenga anali amalume ake, a Yesaya, mlimi wa thonje wosakonda zolankhulalankhula, amene m'nyumba mwawo munali kale ana odzaza mphasa.

A Yesaya anali wapampando wa kalabu ya alimi a thonje, ndipo masipuleya onse a kalabu ankasungidwa kwawo. Imodzi inali yawoyawo. Zingwe zake zinawasiyira zipsera pamapewa, ndipo mankhwala anawapatsa chifuwa chosatha. Eveles ndiye ankawatungira madzi osungunulira mankhwalawo. Anakula akudziwa lamulo limodzi la m'nyumbamo: chilombo chikalowa m'munda, yankho lake ndi sipuleya. Yunifolomu yake, makope, sopo, zonse zinatulukira pa kamlomo kamkuwa ka sipuleya imeneyo.

Mayeso ankakhoza ndithu, koma masiku amenewo malo ku sekondale anali ochepa, ndipo dzina lake silinkatuluka. Anzake anakwatiwa. Amayi a pachitsime anayamba kufunsana kuti mtsikana wamkulu chonchi akufunanji pabenchi limodzi ndi tiana. Atalephera kusankhidwa kachiwiri, anabwera kunyumba n'kuika makope ake pamoto. A Yesaya anawachotsa ndi kamtengo, n'kuwakuntha phulusa.

"Ubwerezanso," anatero. "Thonje langali ndimatola kangati lisanathe m'munda?"

Ulendo wachitatu anasankhidwa. Kuchokera pamenepo anakwera osayang'ananso m'mbuyo, mpaka ku koleji ya zaulimi ku Bunda. Atamaliza kumeneko anapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri ku yunivesite ina ya kumadzulo kwa Africa. Maphunziro ake anali a ulimi wogwirizana ndi chilengedwe, kufufuza momwe nthaka, mbewu, mitengo, tizilombo ndi anthu zimadalirana, kuti munda uzidyetsa banja chaka ndi chaka popanda kuufinya mpaka kuuma. Chaka choyamba chinali cha m'kalasi. Chachiwiri anayenera kubwerera kwawo kukachita kafukufuku m'minda yeniyeni.

Anapeza kwawo kuli chipwirikiti. Chinangwa cha m'mbali mwa nyanja chinali kutha ndi kodikodi, tizilombo toyera ngati ufa timene timaunjikana kunsonga n'kumayamwa madzi a mbewu mpaka masamba atapotana ngati chibakera. Inu a m'tauni mwina chinangwa mumachidziwa chokazinga cha pamsewu. Kwathu kuno chinangwa ndi nkhokwe ya pansi pa nthaka. Chimanga chikakanika, anthu amapulumukira momwemo. Chaka chimenecho ngakhale chigwada cha ndiwo chinasowa.

Eveles anabwera ndi mdani wa kodikodi. Kumene ankaphunzirako akatswiri ankaweta timavu ting'onoting'ono, tochepa kuposa udzudzu, tosaluma munthu. Kachilombo kameneka kamaikira dzira m'thupi la kodikodi. Dziralo likaswa, mwanayo amadya kodikodiyo cham'kati, n'kumusiya atauma gwa ngati kanjere ka mpunga kofiirira, kenako amaboola n'kuuluka kukasaka wina. Funso la kafukufuku wa Eveles linali losavuta kulimva: kodi timavu timeneti tingakhazikike ndi kuswana m'minda ya anthu wamba kuno ku Salima, ndi kutentha kwathuku?

Ofufuza za ulimi a ku Lilongwe anamuthandiza kulandira timavuto m'timabotolo. Anakatimasula m'munda wa malemu mayi ake mu Julaye, mphepo ya mwera ikuwomba.

Nthawi inali yomuthina. Mvula ikagwa imakokolola kodikodi yokha, ndiye palibe amene akanadziwa ngati timavu tagwira ntchito kapena ayi. Umboni unayenera kupezeka mvula isanagwe. Thandizo la maphunziro ake linkathera chaka chomwecho, ndipo akanabwerera chimanjamanja, digiri inali itapita.

Apa ndiye Eveles analakwitsa chinthu chimodzi. Sanauze munthu aliyense.

Zifukwa anali nazo. Inali nthawi ya chipani chimodzi, pamene mawu ankayenda mofulumira kuposa njinga, n'kukafika atasintha malaya. Tangoganizani munthu wochokera kunja kwa dziko, atanyamula tizilombo m'mabotolo, m'mudzi momwe anthu akufunsana kuti mliriwu wabwera ndi ndani. Akanatha kukapezeka akufotokoza kumalo kumene anthu sankafuna kuitanidwako. Koma panalinso china, ndipo ndichinena ngakhale mwanayu ndimamukonda. Kunyada kwa sukulu kunali kutamulowa pang'ono.

Tsiku lina a Yesaya anamupeza akuwerenga pakhonde.

"Eve, munda wa mayi ako wayera ngati wathiridwa phulusa. Anthu akundifunsa kuti wophunzira uja akudikira chiyani. Mankhwala otsala ndili nawo."

"Ayi amalume, muusiye choncho," anayankha maso ali m'buku. "Ndi za kusukulu, simungazimvetse."

A Yesaya anachoka pakhondepo. Mumtima anaganiza kuti mwanayo akuwamvera chisoni, poti mankhwalawo anali osungira thonje la chaka chamawa. Ndipo kuchigayo nkhani inali m'kamwam'kamwa. Ena ankati madigiri aja ndi odyetsera kodikodi. Ena ankati a Yesaya anathyoka msana pachabe. Munthu amene anapirira dzuwa la Salima zaka zonsezo analephera kupirira kuti mwana wa mlongo wake azisekedwa.

Eveles atangopita ku Lilongwe kukatenga zipangizo, a Yesaya analawirira, n'kusungunula mankhwala onse amene anatsala, osasiya ngakhale supuni. Anabereka sipuleya n'kupopera munda wonse.

Ndiye tabwerera paja tinayambira. A Yesaya anamva kuti mwana wafika, anamutsatira kumunda akumwetulira, akutsokomola pang'onopang'ono.

"Ndapopera ndine, mwanawe. Usathokoze, ndi ntchito yanga."

"Mwandipha, amalume!" Eveles anakuwa. "Munali timavu m'munda muno, todya kodikodi. Ndinachokera nato kutali. Mwapha zaka zanga zonse! Bwanji osasiya zinthu zimene simukuzidziwa?"

Kumwetulira kuja kunazima. A Yesaya anavula chipewa, n'kuchiyang'ana ngati n'chachilendo.

"Pepani, amadamu," anatero. "Ife timadziwa sipuleya basi."

Anatembenuka n'kumapita. Chibadwire cha Eveles, anali asanamutchulepo kuti amadamu.

Chopweteka kwambiri n'chakuti mankhwalawo sanamalize n'komwe kodikodi. Tizilomboti timabisala m'masamba opotana, ndipo ufa wa pathupi pawo umatiteteza. Pasanapite nthawi munda unayeranso ngati kale. Amene anafa anali timavu, poti ito timayenda poyera.

Eveles anabwerera ku Lilongwe kukapempha timavu tina. Anamuuza kuti chaka chimenecho sitibweranso. Mkulu wina wa kumeneko, poona nkhope yake, anamupatsa kachiyembekezo kakang'ono. Anati timavu timauluka, mwina tina tinatengedwa ndi mphepo mankhwala asanafike, ndiye akafufuze m'minda ya anthu ena.

Ambiri apa akanalongedza. Ntchito akanaipeza ndi digiri yoyamba ija, n'kumakhala mu ofesi ya fani. Eveles anabwerera kwa Maganga, anamanga nsalu m'chiuno, anatenga kagalasi kokulitsira zinthu, n'kuyamba kuyenda munda ndi munda.

Kumeneko anakumana ndi vuto lina. Alimi ataona kuti wapampando wa kalabu wapopera chinangwa, nawonso anabwereka masipuleya n'kupopera chawo. Paliponse pamene ankafika, fungo lija linali litafika kale. Ankatsegula nsonga ya chinangwa, n'kuunika ndi kagalasi, n'kupeza kodikodi wonenepa wosangalala. Dzuwa la Okutobala linamusupula khungu. Mapazi anatupa. Ana ankamutsatira akuimba kuti mayi wa tizilombo wadutsa.

Kunyumba kunali zii. Iye ndi amalume ake ankapatsana moni wa pamsewu, wongokwaniritsa mwambo. A Yesaya ankachoka m'mawa kukasosa, n'kumachedwa dala kubwerako.

Masana ena Eveles anatopa, anakhala pansi pa mtengo wa msangu pakati pa munda wa munthu wina. Kumpoto kunkaoneka timitambo toyamba. Anayamba kuwerengera m'mutu zinthu zonse zimene anaziganizira asanamasule timavu. Anayeza kutentha. Anayeza nthaka. Anadziwa mitundu ya nyerere za m'mundamo ndi maudzu ake omwe. Kusukulu anamuphunzitsa kuti m'munda chilichonse chimadalira chinzake, ndipo mayeso a zimenezo anakhoza bwino kwambiri. Koma panali chamoyo chimodzi chimene sanachiwerengere, chachikulu kuposa zonse, chokhala ndi miyendo iwiri ndi sipuleya kumsana. Munthu amene anamulera ndi manja ake anamusiya kunja kwa nkhaniyo ngati mlendo.

Anandiuza yekha patapita zaka kuti pamenepo manyazi anamugwira kuposa chisoni. Anati, "Aphunzitsi, ndinazindikira kuti timavu sitinaphedwe ndi mankhwala okha. Tinaphedwanso ndi pakamwa panga potseka."

Tsiku lotsatira anawatsatira amalume ake kumene ankasosa. Anagwada pamzere, fumbi lili mbuu.

"Amalume, ndinalankhula mwano. Mundikhululukire. Ndinayenera kukuuzani tsiku loyamba lomwe."

A Yesaya anapitiriza kusosa.

Eveles anatulutsa kabotolo. Munali tinjere tofiirira timene anatola m'munda muja asanapite ku Lilongwe. Anatikhuthulira pachikhatho, n'kuwapatsa kagalasi. A Yesaya anaika khasu pansi monyinyirika, anapukuta manja m'buluku, n'kuunika. Anaunika nthawi yaitali.

"Kabowo aka?"

"Ndi pamene anatulukira mwana wa timavu tija, atamaliza kudya kodikodi."

"Ndiye kuti m'munda muli alonda ena amene sitiwaona?"

"Alimo ambiri, amalume. Ngakhale m'thonje."

A Yesaya anakhala pansi, chifuwa chinawagwira kaye. Chitawasiya anati, "Zaka zonsezi ndakhala ndikupha akuba pamodzi ndi alonda."

"Munkapha kuti ine ndipite kusukulu. Ndikanakhala wopanda sipuleya yanu, za alondazo sindikanazidziwa."

Kenako a Yesaya anamuyang'ana kumapazi otupa aja, n'kupukusa mutu.

"Iwe Eve, wakhala ukudzipweteka pachabe. Ukufuna munda wosapoperedwa, osafunsa kunyumba kumene masipuleya amagona? Timavu takoto unatimasula liti?"

"Mu Julaye."

"Nthawi ya mwera. Ndiye ngati tinauluka, tinalowera cha ku Lifuwu." Anaweramitsa mutu. "Kumeneko kuli mayi wina wamasiye, a Salma. Anabwera wapansi kudzandipempha kuti ndikawapoperere. Ndinawabweza, poti mankhwala anali atathera m'munda mwako. Anachoka akulira. Mpaka lero zimandidya mumtima."

M'mawa mwake a Yesaya anapopa matayala a njinga, Eveles anakhala pakaliyala, n'kuuyamba. Pamchenga ankatsika n'kukankha. Anawapeza mayi Salma akutembenuza usipa pathandala. Mayiwo atawazindikira a Yesaya, anapitiriza ntchito yawo.

"Mwabwera ndi mankhwala tsopano, chinangwa chitatha?"

"Ayi mayi, mankhwala ndilibe. Ndabwera ndi manyazi okha, ndi mwana wa mlongo wangayu. Akufuna kuona munda wanu."

"Muonamo chiyani? Ine ndinausiya m'manja mwa Allah. Ngakhale kupalira ndinaleka."

Komabe anawatsogolera. Munda wake unali wosapatsa chidwi. Chinangwa chinali chosakanikirana ndi nandolo, maudzu ofika m'mawondo, ena akuchita maluwa. Mlangizi wa masiku amenewo akanauona akanagwira pamutu. Koma Eveles anaima chilili. Pamwamba pa masamba opotana aja, mitengo ina inali itatulutsa timasamba tatsopano, tobiriwira, tosalala.

"Zimenezo zayamba posachedwa," anatero mayi Salma. "Ine ndimati ndi dua yanga, pemphero langa lamveka."

Eveles anathyola nsonga imodzi, n'kuitsegula pang'onopang'ono. Potsegulapo kagalasi kanamugwa. Analibe nako ntchito. Tinjere tofiirira tinali mbwee pakati pa ufa woyera uja, tina toboola kale, tina tisanaboole. Anatola kagalasiko n'kuwapatsa amalume ake kuti ayambe ndi iwo.

A Yesaya anaunika, n'kuunikanso. "Ali moyo," anatero. "Eve, alonda ako ali moyo."

Atawafotokozera mayi Salma nkhani yonse, mayiwo anaomba m'manja. "Alhamdulillah! Ndiye kuti pondimana paja munandithandiza? Bambo inu, mudzandimanenso chaka chamawa!"

A Yesaya anaseka mpaka chifuwa chinawaweramitsa.

Musaganize kuti nkhani yathera pamenepo. Munda umodzi si umboni. Eveles anayenera kudula nsonga zokhala ndi tinjere tija, kukazipachika m'minda ina, n'kuona ngati timavu tiswanamo mvula isanagwe. Ndipo zonsezo zikanakhala zopanda pake ngati anthu akanapitiriza kupopera.

Ulendo uno sanabise kanthu. Masiku amenewo simukanangosonkhanitsa anthu mwa inu nokha, choncho a Yesaya anapita kwa wapampando wa chipani wa m'deralo kukapempha chilolezo cha msonkhano wa kalabu. Anamuuza kuti ngati patuluke mlandu, ukhale wa iwo, osati wa mwanayo.

Pamsonkhanopo Eveles anafotokoza m'Chichewa chosavuta, kagalasi kakuyenda dzanja ndi dzanja. Ena anagwedeza mutu. Ambiri sanakhulupirire. Kenako a Yesaya anaimirira.

"Woyamba kupopera chinangwa ndinali ine, inu munangonditsanzira. Ndinalakwitsa. Tayang'anani minda yanu, kodi kodikodi watha? Ndiye nditsanzireninso lero."

Anatulutsa kathumba m'jekete. Munali timilomo tamkuwa ta masipuleya onse a kalabu, atatimasula m'mawa womwewo. Anamupatsa Eveles pamaso pa anthu onse.

"Sunga. Udzatibweza mvula ikagwa, nthawi ya thonje."

Panabuka phokoso. Bambo wina anaimirira mokwiya. "A Yesaya, mukufuna ana athu afe ndi njala chifukwa cha ntchentche za mwana wanu?"

"Ana anga nawonso adya chinangwa chomwechi," anayankha. "Tikafa, tifera limodzi."

Masabata otsatira anali owawa. Anthu ena analeka kuwapatsa moni a Yesaya. Kutchalitchi benchi lawo linkakhala ndi malo ambiri. Minda ina inali itapitirira kale, ndipo chinangwa chake chinauma timavu tili momwemo. Eni ake sanafune kumva za sayansi. Bambo uja anabwera kudzaponya mitengo youma ya chinangwa pakhomo pa a Yesaya. A Yesaya anaitola n'kukaiika pa nkhuni.

Tsiku ndi tsiku awiriwa ankakwera njinga, dengu la nsonga za chinangwa lili patsogolo. Mayi Salma ankawadulira okha nsongazo, n'kumauza amayi anzawo a padoko kuti m'munda mwawo muli madokotala aulere. Eveles ankapachika, ankawerenga, ankalemba. A Yesaya ankapalasa, ankatsokomola, ndipo m'mawa uliwonse ankayamba ayang'ana kumwamba. Sindinaonepo mlimi wina akupempha kuti mvula ichedwe, koma chaka chimenecho ndinamuona mmodzi.

Chakumapeto kwa Novembala tinjere tofiirira tinayamba kupezeka m'minda imene anapachikamo nsonga zija, kenako ngakhale m'minda yoyandikana nayo, imene sanaikemo kanthu. Kodikodi anayamba kuchepa. Timasamba tatsopano tinatuluka dzuwa likuwotchabe, pamene aliyense ankatha kuona ndi maso ake kuti si mvula yachita zimenezo. Eveles anamaliza kuwerenga munda womaliza mitambo itada kale. Pobwerera, mvula yoyamba inawapeza panjira, ndipo sanathamangire kukausa.

Ndisakunamizeni kuti njala inatha chaka chimenecho. Inaluma ndithu, ndipo mabanja ambiri anagona ndi mango owiritsa. Koma chilimwe chotsatira chinangwa cha kwa Maganga chinaima chobiriwira, ndipo bambo woponya mitengo uja ndiye ankaletsa anthu kuyandikira munda wake ndi sipuleya.

Eveles anabwerera ku yunivesite kukalemba zimene anapeza. Anzake anamulangiza kuti za munda wopoperedwa uja asazitchule, n'zochititsa manyazi. Iye anazilembera mutu wathunthu, wofotokoza zimene zimachitika wofufuza akadziwa zonse za kachilombo koma osauza mwini munda. Tsiku loteteza kafukufuku wake, akuluakulu omuyesa anathera nthawi yaitali pa mutu umenewo kuposa ina yonse. Digiri anamupatsa.

Atabwerako anawapeza a Yesaya atagona pamphasa, chifuwa chitawafooketsa. Anawaonetsa satifiketi. Anaigwira m'mbali mosamala, kuopa kuidetsa, n'kumubwezera.

"Ndi yokongola. Koma tiye kumunda."

Anayenda pang'onopang'ono, akupuma panjira, mpaka kumunda wa malemu mayi ake, pomwe paja Eveles analira. A Yesaya analoza phata limodzi. Eveles anazula. Panatuluka chinangwa chachikulu ngati mkono wa munthu. Anachisenda ndi mano, anathyola pakati, n'kuwapatsa. Anatafuna mwakachetechete, maso ali pa masamba.

Timilomo ta masipuleya a kalabu Eveles anali atabweza kale mvula ija itagwa, monga anapanganirana. Koma tsiku limenelo a Yesaya anapisa m'thumba n'kutulutsa kamodzi, kakale, kosalala ndi zala. Kanali ka sipuleya yawo.

"Aka nkako," anatero. "Kanakupititsa kusukulu, kanatsala pang'ono kukuchotsako. Uzikayang'ana ukamayamba kuiwala anthu."

A Yesaya anamwalira chaka chotsatira, thonje lisanatoledwe.

Eveles anadzakhala mphunzitsi wa ophunzira a zaulimi, ndipo ambiri amene anadutsa m'manja mwake lero ndi akuluakulu. Ndinakamuchezera kamodzi ku ofesi yake. Pa tebulo, pamwamba pa mapepala, panali kamlomo kamkuwa kaja. Ndili pomwepo kunalowa wophunzira wina ndi ndondomeko ya kafukufuku wake, yolembedwa bwino, ya masamba ambiri. Eveles sanaitsegule. Anakankhira kamlomoko patsogolo pake n'kumufunsa kuti, "Kodi mwini munda wamuuza?"

Ndiye inu amene mwafika nane pano, ndikudziwa kuti ena muli pomwe paja anakhala Eveles, pamzere, fungo la zimene zakuwonongerani lili m'mphuno. Mwina dzina lanu silinatuluke. Mwina ntchito imene munaigwirira zaka yafa, ndipo waipha ndi munthu amene amakukondani. Lirani, palibe choletsa, Eveles nayenso analira. Koma mukamaliza, dzukani mukayende munda wina. Ndipo musayende nokha chifukwa cha kunyada. Bwererani kwa uja munamukalipira, mugwade, mumuonetse zimene mukuona. Mwina ndi yekhayo amene akudziwa kumene mwera unapita nazo zanu zotsala.

Osataya mtima. Mvula sinagwe, nthawi ikadalipo.